Fungo la pansi pa bedi

Chiperoni chitagwira Blantyre mwezi wa June, ndinatopa ndi kudya nsima mumdima. Ndinapita ku Limbe n'kugula batire la galimoto logwirapo kale ntchito, la 12 volts, 70Ah, pamodzi ndi tchaja ya zopanira ziwiri, chofiira ndi chakuda. Ndinkafuna kuti magetsi akazima ndizionerabe mpira, makamaka Maule akamakumana ndi Manoma.

Mayi akunyumba anati, "Bambo, chinthu chanucho kachisiyeni pakhonde." Ndinaseka. Ku Ndirande kuno kusiya batire pakhonde usiku n'kupereka mphatso. Ndinalilowetsa pansi pa bedi, mawindo ali chitsekere chifukwa cha kuzizira. Poona kuti madzi achepa mkatimo, ndinatunga a pampopi n'kudzaza mabowo onse asanu ndi limodzi mpaka pakamwa, ngati ndikuthirira mpiru. Tchaja ndinaipotokola mpaka kumapeto kuti lidzaze magetsi asanathawe.

Cha m'ma 2 koloko usiku kunabwera fungo la dzira lovunda. Mayi anandigunda ndi chigongono.

"Nyemba zija ndinakuuzani kuti musawonjezere."

Ndinakana kwamtuwagalu. Tinkakangana monong'ona poti apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Thyolo, ndipo khoma la nyumba yathu silifika kudenga. Mwadzidzidzi anatsokomola kuchipinda kwawo: "Ngati wina watsegula m'mimba, mankhwala ndili nawo m'chikwamamu."

Tili chete ndi manyazi, tinamva kanthu kakubwata pansi pa bedi ngati phala. Ndinatola machesi kuti ndisuzumire, mayi n'kundimenya dzanja. Sikuti ankadziwa sayansi ayi, ankangoopera matiresi awo. Ndinazimitsa tchaja pakhoma n'kuunika ndi foni: batire lili lotentha, madzi atasefukira pansi. Ndinavala buluku loyamba kulikhudza, lomwe linali la suti yanga yosita kale, n'kulikumbatira batirelo ngati khanda mpaka panja.

Kutacha ndinalitengera kwa mkulu wina wokonza mabatire kumsika. Anamvetsera nkhani yonse akupukusa mutu.

"Achimwene, machesiwo mukanayatsa, bwenzi pano tikukuzondani kuchipatala. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa haidrojeni, umene umaphulika ndi kamoto kakang'ono. N'chifukwa chake amalitchajira popita mphepo. Fungo munamvalo ndiye kuti batire linapsa ndi moto wambiri. La 70Ah limafuna moto wa ma amp 7 okha pa tchaja, gawo limodzi mwa magawo khumi a 70 ameneyo."

Anandionetsa botolo la madzi a batire, aja osungunulidwa ku nthunzi, nati a pampopi amawononga mapuleti a mkati mwa batire, ndipo amathira ongokwanira kuwamiza, osati kudzaza thothotho. Zopanira nazo zili ndi mwambo wake: chofiira pa +, chakuda pa −, kenako kuyatsa pakhoma. Pochotsa, yambani mwazimitsa pakhomapo. Potsiriza anafunsa ngati asidi wa m'batiremo anandidonthera, kuti ndikasambe madzi ambiri ndi kuwaza soda wophikira therere pomwe anatayikira. Ndinati pathupi ayi. Za buluku sindinatchule, chifukwa linali litauma bwinobwino, kungooneka timadontho totuwa pantchafu.

Loweruka kunali chinkhoswe cha mdzukulu wanga ku Chilomoni, ine ndiye nkhoswe ya kuchimuna. Suti ija ndinaivala, nsapato zopolisha. Itakwana nthawi yosinthana nkhuku, ndinapereka tambala mwaulemu, kenako ndinanjuta kuti ndilandire thadzi.

Phwee!

Nsalu inangoyoyoka ngati pepala lonyowa, kuchokera pantchafu mpaka m'mawondo, miyendo yonse iwiri. Amayi anayamba nthungululu, sindikudziwa ngati zinali za nkhuku. Ndinaphimba mbali imodzi ndi thadzi lija, koma thadzi linali limodzi, mabowo awiri. Apongozi ananyamuka mwakachetechete, n'kumasula chitenje chawo chapamwamba, n'kundipatsa akuyang'ana kumbali.

"Mangani ichi, bambo. Nanga m'mimba muja mwasiya?"