Za zipewa zomeretsa tsitsi padazi

Abale anga a kuno ku Mangochi, makamaka inu amene ana anu ali ku Joni, chenjerani ndi zipewa ndi zipeso zowala mofiira zimene akuti zimameretsa tsitsi padazi. Mtengo wake munthu ukhoza kuguliratu njinga ya kabaza.

Otsatsa amathamangira kunena kuti boma la America linavomereza. Zoona, bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linalola chipeso cha HairMax kulowa pamsika mu 2007. Koma zipangizo zoterezi zimadutsira khomo lapafupi lotchedwa 510(k), pomwe kampani imangosonyeza kuti chipangizo chake n'chofanana ndi china chomwe chili kale pamsika. Mankhwala sadutsa choncho. Mankhwala a dazi opaka otchedwa minoxidil analoledwa mu 1988, akumwa otchedwa finasteride mu 1997, atayesedwa pa anthu ambirimbiri, ndipo nawonso ukangosiya, tsitsi limayambanso kuthothoka. Ndiye kachipewa kopanda ndi dzina lomwe, kamabatire a tochi, kanayesedwa ndi ndani?

Sindikuti kuwalako sikuthandiza konse. Ena tsitsi limachindikalako pang'ono ngati mizu idakali yamoyo, koma pamutu posalala kale ngati chipanda, iwalani achimwene.

Komanso si kuthothoka konse kuli dazi la kumtundu. Mwana wa chipere akufunika mankhwala a kuchipatala. Amayi amene tsitsi latha m'mbalimu, kawirikawiri ndi maluko othina aja.

A PMRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno, ndi a CFTC, bungwe loteteza ogula pa malonda, malonda amenewa adzaza pa Facebook ndi WhatsApp. Kodi mukuwaona?