Sabata ya mutu wa kutentha mu giredi 10

Ndimaphunzitsa jogalafe pasukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata, ndipo mutu wa kutentha kwa mpweya padziko lapansi unatipeza mu Okutobala, ana akudzikupiza ndi makope.

Lolemba ndinabwera ndi tochi yoimira dzuwa ndi mpira woimira dziko. Kuwala kukagwa molunjika pakati pa mpira kumaunjikana pamalo ochepa, kukagwa chopendekera kumamwazika. Ndiye chifukwa chake ku ikweta kumatentha kwambiri. Popezanso dziko ndi lopendekeka madigiri 23.5, ife tikamafunda mabulangete mu Juni, ku London kumakhala kukutentha.

Lachiwiri mtsikana wina wa ku Mambwe anaimika mkono. "Aphunzitsi, nanga kwathu ku Mfuwe kumatentheranji chonchi, chikhalirecho pamapu tayandikana?" Funso limeneli linandikondweretsa kwambiri, moti zomwe ndinakonza ndinaziika pambali. Mfuwe ili m'chigwa cha Luangwa, mamita pafupifupi 550 kuchokera pamlingo wa nyanja, pamene Chipata yapitirira 1,000. Ukakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5. Anawerengetsa okha pabolodi napeza kusiyana kwa madigiri atatu kapena anayi. Nditatchula Kilimanjaro, phiri lokhala ndi ayezi pamwamba ngakhale lili pafupi ndi ikweta, panalibenso wotsutsa. Ine ndimaona kuti mwana amamva msanga ukayambira pa malo omwe iye anatulukirapo thukuta.

Lachitatu linathera kuchonga makope.

Za momwe nyanja imakhudzira kutentha ndizo zimavuta, poti ambiri nyanja yamchere sanaionepo. Lachinayi tinaika padzuwa beseni la madzi ndi lina la mchenga. Pofika masana mchenga unkaotcha zala, madzi ali ofunda pang'ono chabe. Kenako ndinawaonetsa Walvis Bay ku Namibia ndi Inhambane ku Mozambique, mizinda yomwe kutalika kwake kuchokera ku ikweta nkofanana ndithu. Woyambawo umazizira chifukwa cha madzi ozizira oyenda m'nyanja otchedwa Benguela, winawo uli m'mbali mwa madzi ofunda a Indian Ocean.

Lachisanu tinakambirana chifukwa chake Okutobala amatentha kuposa Disembala: mu Disembala mitambo imatchinga dzuwa, ndipo nthaka yonyowa sitentha msanga. Mnyamata wina anakumbutsa za 2024, mvula itadula, chimanga cha bambo ake chitapserera m'munda. Ndinawafotokozera kuti chilalacho chinabwera ndi El Niño, nthawi imene madzi a nyanja ya Pacific amafunda kuposa masiku onse. Kuyambira Lolemba tizilemba kutentha kwa m'mawa ndi masana. Thermometer yoyezera kutenthako tiipachika pamthunzi, pamwamba pang'ono osati pansi.