Kafungo ka mtengo ndi vanila pa kutentha kwa ku Salima

Kabotolo ka perefyumu ka mamililita 10 kamene ndinasakaniza nthawi ya mwera kafika tsopano poti ndingadzole n'kulowa pagulu. Kakhala kali m'kabati, mumdima, ndipo zinthu zija zamvana. Poyamba chilichonse chinkamveka pachokha, lero fungo lake ndi limodzi.

Ndinaika madontho 10 a cedarwood ndi 6 a sandalwood (mafuta onunkhira ochokera ku mitengo), 3 a vanila ndi 2 a vetiva, kenako n'kudzaza ndi mafuta osanunkhira a chomera cha jojoba. Mililita imodzi imakhala ndi madontho pafupifupi 20, ndiye zonunkhira zake zangopitirira pang'ono 10 peresenti. Spiriti mulibe. Ndinasankha mafuta chifukwa sathawa msanga pakhungu, ndipo anzanga achisilamu kuno amakonda otere, omwe amadzola popita kumzikiti Lachisanu.

Ukangodzola, choyamba kumveka ndi cedarwood: fungo louma, lakuthwa pang'ono, ngati pensulo yongosongola kumene. Sizodabwitsa, poti mtundu wa mtengowu wa ku Virginia, ku America, ndi womwe kale ankapangira mapensulo. Amene anagwirapo kabokosi ka mkungudza wa ku Mulanje akudziwa mbali imene fungoli limapendekera, ngakhale kuti wathuwo ndi mtengo wina, Widdringtonia whytei, ndipo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Ine mafuta ake sindiwafuna n'komwe, ausiye mtengowo upume.

Pakadutsa theka la ola sandalwood amayamba kuonekera. Ndi wofewa, wonona, sathamanga. Weniweni wa ku Mysore ku India ndi wodula zedi, choncho zimene timagula m'timabotolo ta pamsika kawirikawiri zimakhala zopangidwa m'fakitale. Ine sindiona vuto pamenepo. Vanila amene ali m'maperefyumu ambiri nayenso ndi vanillin wopangidwa ndi anthu, luso limene akatswiri a ku Germany, Tiemann ndi Haarmann, anatulukira mu 1874. Bola mphuno ikondwere.

Nkhani yagona pa kutsekemera. M'mwezi wa Julaye, mphepo ikuwomba kuchokera kunyanja, madontho atatu a vanila aja ankamveka bwino kwambiri, ofunda, osasokosa. Koma Okutobala uno ndi wina. Dzuwa likafika paliwombo, thukuta lili kamukamu, vanila amadzuka n'kuphimba mitengo yonse. Tsiku lina ndili pa kabaza kuchokera pa Kamuzu Road, wopalasayo anatembenuka n'kufunsa kuti, "Bwana, mwanyamula makeke?" Maperefyumu ambiri aamuna otsekemera amayenera kumalo ozizira, ndipo amene amawatama kuti amakhalitsa tsiku lonse sanaimepo pa Senga Bay masana.

Chimene chikupulumutsa kabotoloka ndi vetiva. Inde, udzu womwe uja alangizi amatiuza kuti tidzale pa akalozera kuti nthaka isakokoloke. Fungo lili m'mizu, osati m'masamba. Ndinazula phata limodzi m'munda mwa amalume, n'kutsuka mizuyo, n'kuiyanika pamthunzi: yopyapyala, yopotanapotana, yotuwira, ndipo ukaifikisa m'manja imatulutsa fungo la dothi lonyowa ndi kautsi patali. Mafuta ambiri a vetiva amene ali pamsika wa dziko lonse amachokera ku Haiti, pomwe ife kuno timangouona ngati udzu wotchinga madzi. Madontho awiri okhawo ndi amene amabweza vanila kumbuyo madzulo, fungo n'kukhalanso lachimuna, louma, lomamatira pakolala ya shati mpaka m'mawa.

Kabotolo kotsatira ndikufuna kachilimwe: vanila dontho limodzi, vetiva anayi, mitengo ija ikhale momwemo. Mizu ya kwa amalume ija ndainyika kale m'mafuta a jojoba m'kabotolo kena, ndione ngati ingatulutse fungo lokwanira popanda kutcheza. Aka kotsekemeraka ndakabwezera m'kabati, kadikire Juni.