Zikomo kwa asilikali a Keyala a ku Burma ndi mkulu wawo William Slim

Pa 15 August 2025 zinakwana zaka 80 chigonjereni dziko la Japan pa Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse. Ife adzukulu a asilikali a Keyala (King's African Rifles, mwachidule KAR) amene anakamenya nkhondo ku Burma, dziko limene lero likutchedwa Myanmar, taona kuti tisangokhala chete. Tikuthokoza agogo athuwo, amoyo ndi amene anatisiya kale, komanso mkulu amene ankatsogolera gulu lonse la Fourteenth Army, General William Slim. Wina afunsa kuti mzungu wa nthawi ya atsamunda tikumuthokozeranji. Ambiri mwa agogo athu anabwerako amoyo chifukwa munthuyu ankalimbana ndi udzudzu, njala ndi matope mwakhama lomwe ankalimbanira ndi adani.

Slim anabadwira ku Bristol pa 6 August 1891 m'banja losalemera, ndipo asanalowe usilikali anaphunzitsako pasukulu ya pulayimale n'kugwirako ntchito ya ukalaliki ku Birmingham. Anavulala kwambiri ku Gallipoli mu 1915, n'kuvulalanso ku Mesopotamia. Nkhondo yoyamba itatha analowa gulu lankhondo la India, n'kukhala zaka zambiri ndi asilikali a Gurkha, ochokera ku Nepal. Nkhondo yake yoyamba monga mkulu wa buligedi inamuvuta. Mu November 1940 ku Gallabat, m'malire a Sudan ndi Ethiopia, analanda linga la Ataliyana, koma akasinja ake ambiri anawonongeka, ndege za adani zinawakhuthulira mabomba, iye n'kubweza asilikali m'mbuyo. Pambuyo pake ankavomera yekha kuti anachita mantha pamene anayenera kulimba mtima.

Ku Burma anafika mu March 1942 zinthu zitaipa kale. Anatsogolera asilikali ogonja pa ulendo wobwerera wa makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku India, kumene anafika mu May mvula ikuyamba. Chimene chinkawagonjetsa chinali chimodzimodzi nthawi zonse. Asilikali a Britain ankadalira magalimoto, choncho sankachoka mumsewu. Ajapani ankadzera m'nkhalango, n'kukatseka msewuwo kumbuyo kwawo. Chakudya ndi zipolopolo zikasiya kufika, gulu lonse linkatembenuka kuthawa, n'kusiya mizinga ndi magalimoto. Slim atapatsidwa Fourteenth Army mu October 1943 anasintha lamulo: mukazingidwa musathawe, kumbani maenje mozungulira, katundu akupezani pa ndege. Njirayi inayesedwa ku Arakan, kugombe la kumadzulo kwa Burma, mu February 1944 ndipo inatheka. Kenaka inagwira ntchito ku Imphal ndi Kohima m'dziko la India, kumene divishoni yathunthu inanyamulidwa pa ndege pamodzi ndi mizinga ndi nyulu zake. Ngakhale kumeneko analakwitsa ziwiri: anachedwa kubweza divishoni ya 17, ndipo sanayembekezere kuti ku Kohima kubwera divishoni yonse ya Ajapani. Msewu wa pakati pa Imphal ndi Kohima, umene Ajapani anatseka, unatsegulidwa pa 22 June 1944, ndipo Ajapani anataya anthu oposa 50,000, akufa, ovulala ndi odwala.

Koma chimene tikumuthokozera kwenikweni ndi nkhani ya malungo. Mu 1943, pa msilikali mmodzi aliyense amene ankachotsedwa kunkhondo chifukwa cha bala, 120 ankachotsedwa chifukwa cha matenda: malungo, kamwazi, zilonda zapakhungu ndi matenda ofalitsidwa ndi tinthata ta m'tchire. Mankhwala oteteza ku malungo analipo, mepacrine, piritsi limodzi tsiku lililonse. Vuto linali lakuti anthu sankamwa. Ankawawa, ankasandutsa khungu chikasu, ndiye panafala mphekesera yakuti amapha mphamvu za abambo m'nyumba. Aliyense wodziwa mmene mphekesera yotere imayendera pakati pa anyamata angathe kuona kukula kwa ntchitoyo. Slim anachotsa nkhaniyi m'manja mwa madokotala okha n'kuisenzetsa akuluakulu a magulu. Piritsi linkamwedwa pa perete, ofesala akuyang'ana. Dzuwa likamalowa aliyense atsitse manja a malaya, avale buluku lalitali, agone m'neti. Ankatumiza anthu modzidzimutsa kukayeza gulu lonse, ndipo akapeza kuti amene akumwa mankhwala sakufika 95 pa 100 alionse, mkulu wa gululo ankachotsedwa paudindo. Anachotsa atatu, enawo anamva.

Anasinthanso kachiritsidwe. Kale wodwala malungo ankamutumiza kuzipatala za kutali mkati mwa India, ndipo pankatha miyezi isanu asanabwerere, ena osabwerera n'komwe. Anakhazikitsa zipatala za matenti pafupi ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo, moti wodwala ankalandira mankhwala pasanathe tsiku n'kubwerera pagulu pakatha milungu itatu. Odwala atsopano anatsika kuchoka pa 12 pa asilikali 1,000 alionse patsiku mu 1943 kufika pa mmodzi mu 1945.

Agogo athu analowa m'nkhondoyi mu August 1944, mvula ili pachimake. Divishoni ya 11th East African, motsogozedwa ndi Major General Charles Fowkes, inapatsidwa ntchito yothamangitsa Ajapani kutsika chigwa cha Kabaw kuchokera ku Tamu mpaka kumtsinje wa Chindwin. M'divishoniyi munali mabataliyoni a ku Nyasaland a 2 KAR, 13 KAR ndi 22 KAR, pamodzi ndi abale athu a ku Zambia a 1st Northern Rhodesia Regiment, ndi a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Bataliyoni ya 1 KAR, ija inalimba ku Moyale mu July 1940 mpaka dzinalo kupatsidwa kwa baraki ya ku Mzuzu, inakamenya ku Arakan m'buligedi ya 22. Chigwa cha Kabaw asilikali ankachitcha chigwa cha imfa. Akuluakulu anasankha anthu akuda poganiza kuti malungo sawagwira kwenikweni. Anawagwira ndithu, ndipo tinthata sitinkasankha khungu. Msewu unasanduka phala, milatho inakokoloka, moti asilikali ankadula mitengo n'kuiyala mopingasa kuti jipi idutse, pena n'kusenza okha mabokosi a zipolopolo pamutu, misundu ili m'miyendo. Analanda Kalewa pa 2 December 1944. Patangopita masiku asanu ndi atatu, mainjiniya anamaliza mlatho woyandama wa mamita pafupifupi 350 pa Chindwin, umene panthawiyo unali wautali kuposa milatho yonse ya mtunduwo. Zikomo agogo, ntchito munaigwira.

Zikomo kwa oyendetsa ndege za Dakota amene ankauluka m'mitambo ya mvula kukaponya chakudya, ndi kwa Major General Alfred Snelling amene ankayang'anira katundu. Gulu la Fourteenth Army linali ndi mindandanda ya zakudya pafupifupi 30, poti Mhindu, Msilamu, Gurkha, mzungu ndi munthu wa kwathu kuno sadya zofanana, ndipo thumba likagwera gulu lolakwika anthu ankagona ndi njala chakudya chili pompo. Maparachuti atasowa, Slim anapempha amalonda a ku Calcutta kuti asoke ena ndi ulusi wopangira ziguduli. Anali osalimba ngati enieniwo, osayenera kutsitsira munthu kapena katundu wosweka, koma mpunga ndi zipolopolo zinkafika, pamtengo wa pafupifupi paundi imodzi m'malo mwa mapaundi oposa 20. Miyala yopangira msewu kunalibe, choncho ankaumba msewu wadothi wokwera pakati, kukumba ngalande mbali zonse, n'kuyala ziguduli zoviika m'phula, china kusanjika m'mphepete mwa chinzake. Chiguduli chikabooka madzi ankalowa pansi, dothi n'kufewa, msewu n'kutitimira, ndiye pankakhala anthu oyendera ndi kumata zigamba ngati akumata chubu cha njinga. Ku Kalewa anadula mitengo ya m'nkhalango momwemo n'kukhoma mabwato oposa 500 onyamula matani 10 lililonse.

Chaka cha 1945 tingochidutsa mwachangu. Slim ananamiza Ajapani kuti gulu lake lonse likulunjika ku Mandalay, pamene mbali ina inkatsika mwakachetechete kumadzulo. Buligedi ya 28th East African inayenda kutsogolo kuti adani aziganiza kuti ndi divishoni ya Keyala ija yabwerera, ndipo mawailesi abodza ankalankhula kuchokera ku Tamu. Mbali inayo inawoloka mtsinje wa Irrawaddy pa Nyaungu pakati pa February, n'kulanda Meiktila kumayambiriro kwa March, kumene kunali nkhokwe ndi mabwalo a ndege a Ajapani. Mandalay inagwa pa 20 March, Rangoon (lero Yangon) pa 3 May. Slim anakhala mkulu wa asilikali onse apamtunda a Britain mu 1948, Field Marshal mu 1949, bwanamkubwa wa Australia kuyambira 1953 mpaka 1960, ndipo anamwalira ku London pa 14 December 1970.

Kuthokozaku sikutitseka pakamwa. Munthu wakuda mu Keyala sankaloledwa kukhala ofesala, ngakhale adziwe ntchito chotani. Nkhondo itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda atatu ndi theka. Malamulowo sanalembe ndi Slim, koma ndi dongosolo limene iye ankatumikira. Palinso milandu imene inatuluka iye atamwalira kale: anthu ena amene anakulira pasukulu ya Fairbridge ku Australia ananena kuti Slim anawachita zachipongwe ali ana. Nkhaniyi sinaweruzidwe m'khoti, komabe akuluakulu a ku Canberra anachotsa dzina lake pa msewu wina. Ife tikuthokoza ntchito ya ku Burma, zinazo sitikuzikwirira.

Zikomo kwa inu amene mumasamalira asilikali akale kunyumba zawo ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, ndi inu ana ndi adzukulu amene mwasunga mamendulo ndi mabuku otulukira usilikali m'masutikesi. Mendulo ya ku Burma muizindikira ndi kansalu kake, kofiira pakati, m'mbali muli mizere yabuluu woderako ndi yaolenji. Bukulo musalimate ndi selotepi kapena kuliika m'pepala lapulasitiki lotsekeratu, chinyezi chimafufuta inki. Lijambuleni tsamba lililonse ndi foni, makamaka pamene pali nambala ya usilikali ndi dzina la bataliyoni. Ngati agogo anu sanabwerere, lembani nambalayo pa tsamba la intaneti la Commonwealth War Graves Commission, poti mayina a kwathu kuno ankalembedwa molakwika kawirikawiri ndipo nambala ndi imene imapeza munthu. Amene manda awo sadziwika analembedwa pa chipilala cha Rangoon Memorial ku manda a Taukkyan, kumpoto kwa Yangon, pamene pali mayina pafupifupi 27,000.