Ubaunsa si zibakera

Abale kumudzi mukamva kuti ndimagwira ubaunsa kuno ku Manchester, ku England, mumaganiza kuti ndimangokhalira kuponya zidakwa panja. Ayi ndithu. Kuno sungaime pakhomo la bala popanda layisensi ya SIA, bungwe la boma loyang'anira ntchito za ulonda, ndipo usanaipeze umaphunzira kaye kuthandiza munthu wovulala kapena wokomoka. Layisensiyi imagwira ntchito zaka 3, kakhadi kake timavala pamkono kuti aliyense azikaona.

Ntchito yeniyeni ndi maso ndi pakamwa. Mowa sagulitsa kwa wosakwana zaka 18, choncho aliyense wooneka ngati sanafike 25 timamuitanitsa chiphaso, olo ndevu zitachita kuti yakayaka. Timawerenganso olowa kuti holo isadzaze mopyola, komanso kuonetsetsa kuti khomo lothawira moto silinatchingidwe ndi makreti.

Usiku wathawu cha m'ma 2 koloko mtsikana wina anatuluka ali dzandidzandi, nsapato zili m'manja, bambo wina akumukoka, eti ndi mkazi wake. Nditawafunsa dzina la mkaziyo, bambo aja anangoti kukamwa yasa. Mtsikanayo tinamukhazika mkati, kumupatsa madzi, mpaka mnzake anabwera kudzamutenga. Ine zala zakumapazi zinali zitaferatu ndi chisanu.