Zikweza ndi mitsetse ya msewu wa ku Joni

Munthu akabwera kuchokera ku Joni amasimba za pa boda, za apolisi a pamsewu, za katundu yemwe anamulipiritsa msonkho. Za nthaka yomwe basi imapondapo simumumva akunena. Ine pa ulendo wanga wa mu June, kuchokera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg kenako ku Durban, nthakayo ndi yomwe inandisowetsa tulo. Jekete ndinkangovala n'kuvula, kuvala n'kuvula, ndipo nthawi zonse ndikayang'ana kapulogalamu ka mufoni koonetsa kutalika kwa malo kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndinkapeza kuti tangokwera kumene kapena tangotsika kumene.

Blantyre ili pa mamita opitirira pang'ono 1,000. Tinanyamuka m'mamawa chiperoni chili ndii, aliyense atadzikuta. Kungodutsa Lunzu ndi Lirangwe msewu umayamba kutsetsereka, ndipo pofika pa mlatho wa Zalewa nkhungu inali itatsalira kumbuyo, Shire akuwala ndi dzuwa. Mtsinjewu pano uli mkati motsika masitepe ake. Pa gawo lapakatili umagwa mamita oposa 350, n'chifukwa chake magetsi athu amapangidwa komweko, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mathithi omwewo ndi amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859. Chaka cha 1858 anali atakanika kale ku Cahora Bassa pa Zambezi. Ankafuna njira ya pamadzi yolowera mkati mwa Africa, koma mitsinje ya kuno imafika kunyanja itachita kudumpha kuchokera pamwamba, ndipo sitima sikwera mathithi.

Ku Mwanza tinakweranso, n'kudinditsa mapasipoti, kenako Zobue. Kuchokera pamenepo ndi mtsetse wautali. Mitengo ya m'mapiri imayamba kuchepa, tsanya amachuluka, milambe imaima yosavala masamba, mbuzi zikudya minga m'mphepete mwa msewu. Fumbi la malasha a ku Moatize likayamba kuoneka, dziwani kuti Zambezi wayandikira.

Tete ili pa mamita pafupifupi 140 basi. Taganizani, m'maola ochepa tinali titataya mamita pafupifupi 900. Aphunzitsi a jogalafe ankatiuza kuti ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo ukatsika kumakwera chimodzimodzi. M'kalasi zimenezi zinali za mayeso. M'basi zinali thukuta loyenderera kumsana pakati pa mwezi wa June. Mayi wina wa geni yemwe ndinakhala naye mpando umodzi anavula juzi, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pamiyendo m'malo moibwezera m'chikwama.

Ndinati, "Mayi, simuisunga? Kwatenthatu."

"Mwananga, iweyo ndi ulendo woyamba eti? Ikatero imagwiranso ntchito usiku uno."

Pa Tete pali milatho iwiri, wakale wolenjekeka pa zingwe wa Samora Machel, ndi watsopano wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014. Zambezi pano ndi wotakata, woyenda mwaulemu, ngati sanachite phokoso lililonse ku Victoria Falls. Amayambira ku Mwinilunga m'dziko la Zambia pa mamita pafupifupi 1,500, ndiye pofika pa Tete kutsika kwake pafupifupi konse amakhala atakumaliza, kwangotsala kukathira m'nyanja. Wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa sangadabwe ndi kutentha kwa kuno. Ndi dziko limodzimodzi lotsika, ndipo pomwe Shire amatulukira m'Malawi ndi pa mamita 37 okha.

Tinadutsa Changara, kenako boda ya Cuchamano ndi Nyamapanda. Za pa boda ndisiye, ena anazisimba kale mokwanira. Chongonena n'chakuti kuchokera pa Nyamapanda injini imasintha kulira. Dalaivala amangotsitsa magiya, basi ikukwera pang'onopang'ono mosaonetsera. Chakumadzulo tinafika dera la Mutoko, komwe miyala ikuluikulu yasanjikizana pamwamba pa inzake mochititsa mantha, ina yozungulira, ina yong'ambika pakati, mitengo itamera m'ming'alu. Kumeneku ndi komwe amakumba mwala wakuda wa granite, ndipo tinakumana ndi malole atanyamula chimwala chimodzi chokha chodula mwamakona, koma akuyenda mochita kukwawa.

Harare tinalowa usiku. Mayi aja anali atavala kale juzi yawo, pamwamba atafunda chitenje, osandiyang'ana n'komwe. Mzindawu uli pa mamita pafupifupi 1,490, kuposa Lilongwe yemwe ali cha m'ma 1,050, kuposanso Mzuzu. Azungu omwe anaimika mbendera yawo pamenepa mu 1890 anali atayenda pamsana pa dziko, pakati pa madzi opita ku Zambezi ndi opita ku Save ndi Limpopo, ndipo anakhazikika pamtunda pomwe udzudzu wa malungo ndi kashembe sizivuta kwenikweni. Minda yabwino ya pamtunda anadzitengera, eni dziko n'kuwakankhira ku malo otsika, ouma ndi amchenga. Kwathunso anachita zofananazo posankha Zomba, Thyolo ndi Mulanje. Ukayenda msewu uwu masana n'kuona komwe kuli minda ikuluikulu ndi komwe kuli midzi yothithikana, mbiri ya atsamunda umaiwerenga osatsegula buku.

Chivhu ndi Masvingo ndinadutsa ndili mtulo. Ndinadzuka makutu atatsekeka, galasi la zenera lomwe usiku linali lozizira ngati madzi oundana litayamba kufunda. Tinali tikutsikiranso kuchigwa chachiwiri. Milambe ija inabwereranso, tsanya uja, mitsinje ya mchenga wokhawokha. Beitbridge ili pansi pa mamita 500, ndipo Limpopo m'chilimwe ndi timadzi tochepa toyenda pakati pa mchenga ndi miyala. Pamzere wodinditsa aliyense anali atanyamula jekete m'manja.

Kuwoloka apo, kudutsa Musina, kutsogolo kumaoneka khoma la mapiri a Soutpansberg litagona chopingasa. Msewu wa N1 umalowa m'mpata wa miyala, n'kuboola phiri kawiri, kenako kukwera mokhotakhota. Mbali ya kumpoto ndi youma gwaa, koma ukangopitirira pamwamba n'kuyamba kutsikira ku Louis Trichardt umaona nkhalango zobiriwira, ndipo m'mbali mwa msewu akugulitsa mapeyala ndi nthochi. Phiri limodzi, nyengo ziwiri. Mphepo yachinyezi yochokera ku Indian Ocean imagunda mbali imodzi n'kukhuthula mvula, inayo n'kutsala ndi ludzu. Ndi zomwe zimachitikanso pa Mulanje, pomwe tiyi amamera mbali ya kummwera pamene ku Phalombe mvula imakhala yocheperapo.

Kuyambira apo ndi masitepe okhaokha. Polokwane pa mamita 1,300, Pretoria kuposa pamenepo pang'ono, kenako makilomita ochepa otsalawo msewu umakwerabe mpaka Johannesburg pa mamita pafupifupi 1,750. Apa ndipo pandizunguza mutu mpaka lero. Dedza timamutcha tauni yozizira ya pamwamba, ndipo ukakhala pamenepo phiri umaliona ndi maso. Johannesburg ndi wokwera kuposa boma la Dedza, koma phiri silioneka. Ndi dziko lotambalala la udzu wofiirira, timizere ta zitunda, ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi. Uli pamwamba koma palibe chokuuza, kupatula milomo yong'ambika, mphuno zouma, ndi befu ukakwera masitepe a pa Park Station ndi chikwama kumsana.

Ndinafikira kwa alamu anga. M'mawa mwake udzu wa panja unali woyera ndi chisanu, ndipo anathira madzi pagalasi la galimoto kuti aone kutsogolo. Anandiuza za sinowo yemwe anagwa mu mzindawu mu July 2023, ana n'kutuluka m'makalasi kukajambulitsa. Mlongo wanga naye ali ndi dandaulo lake: nyemba za kuno akuti zimachedwa kupsa. Ali ndi mfundo. Pamalo okwera chonchi madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94 m'malo mwa 100, chifukwa mpweya ndi wopepuka, ndiye mphika umabwata msanga koma kutentha kwake n'kochepa. Ngakhale pothira mafuta a galimoto nkhani ndi yomweyo. Kuno kumtunda, poti mpweya ndi wopepuka, amagulitsa petulo wa mlingo wotsikirako wa 93 pambali pa wa 95, pamene kunyanja yamchere ndi wa 95.

Johannesburg anamangidwa pamalo opanda mtsinje waukulu, chifukwa cha golide yemwe anapezeka mu 1886 pa chitunda cha Witwatersrand. Chitunda chimenechi chimagawa madzi a mvula pawiri. Ogwera kumpoto amalowa mu Jukskei, n'kupita ku Crocodile, ku Limpopo tinawoloka uja, mpaka ku Indian Ocean. Ogwera kummwera amatsata Klip, Vaal ndi Orange mpaka ku Atlantic. Ndiye poti madzi onse amathawa mzindawu, akumwa amachita kupopa kuchokera kumunsi ku Vaal, ndipo ena mwa madziwo amachokera kumapiri a Lesotho, ku damu la Katse, kudzera m'mipata yoboola pansi pa mapiri. Wa ku Blantyre izi amazimvetsa msanga, popeza athu amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, makilomita pafupifupi 40, n'kukankhidwa chokweza mamita pafupifupi 800. Kukhala pamwamba n'kokoma chifukwa cha mphepo, koma madzi ake ndi odula, ndipo magetsi akathima oyamba kuuma mipopi ndi okhala pazitunda.

Ndinaganiziranso za agogo athu omwe ankabwera kuno pa Wenela. Migodi ina ya dera lino, monga wa Mponeng kufupi ndi Carletonville, imatsika pafupifupi makilomita 4. Munthu amadzuka pa chisanu cha pamwamba pa dziko, n'kulowa m'chikepe, n'kukagwira ntchito pansi kuposa mulingo wa nyanja, pomwe mwala umatentha moti amachita kuziziritsa mgodi ndi madzi oundana.

Usiku wina ndinatsegula mapu a Africa yense mufoni, ndi alamu aja tikupikisana kulosera. Lusaka cha m'ma 1,280. Windhoek ndi Nairobi onse pamwamba pa 1,600. Kigali cha m'ma 1,500. Addis Ababa 2,355, Asmara chapomwepo. Koma ukapita kumadzulo ndi kumpoto zinthu zimasintha: Kinshasa, Niamey ndi Khartoum onse sakwana mamita 400 ngakhale ali kutali ndi nyanja, ndipo Lagos, Accra, Dakar ndi Cairo ali pansi penipeni. Ukajambula mzere kuchokera ku Angola kukafika ku Red Sea, mbali yathu ino ndi yokwera, inayo ndi yotsika. Dera lathuli lili ngati beseni lovundikira, pamwamba pafulati, m'mbali motsetsereka, kamphepete kopyapyala kunyanja. Kenako lang'ambika ndi chigwa cha Rift Valley, momwe mwakhala nyanja yathu ya Malawi, yomwe madzi ake ali pa mamita osakwana 500 koma pansi pake penipeni, pa kuya kwa mamita 700, padutsa mulingo wa nyanja yamchere.

M'mbali mwa beseni ndinakaona popita ku Durban pa N3, makilomita pafupifupi 570. Maola oyamba ndi otopetsa, minda ya chimanga chouma ndi ng'ombe basi. Pa Harrismith kumanja kumayamba kuoneka mapiri a Drakensberg. Kuseri kwake ndi Lesotho, dziko lomwe malo ake otsikitsitsa ali pa mamita 1,400, ndipo nsonga yake ya Thabana Ntlenyana ili pa 3,482, kuposa Sapitwa wathu wa 3,002. Kenako pa Van Reenen's Pass dziko limangotha. Msewu umagwera pansi mokhotakhota, malole akutsika pa giya yaing'ono, fungo la mabuleki opsa likulowa m'basi, zikwangwani zochenjeza za nkhungu ndi mphepo zili paliponse. Mu September 2024 sinowo anatsekereza magalimoto m'dera lomweli, anthu n'kugona pamsewu usiku wonse.

Botolo la madzi la pulasitiki lomwe ndinamwa n'kulitseka tili ku Harrismith ndinaliika m'thumba la mpando. Pofika ku Pietermaritzburg linali litayamba kufwamphuka m'mbali, ndipo ku Durban linali lopindika ngati wina walifinya ndi dzanja. Mwana yemwe anakhala kutsidya kwa mpando wanga analiyang'ana, n'kuyang'ana ine, kuganiza kuti ndi matsenga. Munali mpweya wa kumtunda, ndipo wa kunyanja ndi wolemera.

Durban mu June anthu amayenda ndi malaya a manja aafupi, ena akusambira. Nzimbe, nthochi, mitengo ya kanjedza, chinyezi chomata pakhungu. Milomo yanga inapola osapaka kanthu. Pa doko malole ambirimbiri anali pamzere kunyamula makontena, ena mwa iwo a katundu wobwera kwathu, ndipo iliyonse yobwera kwathuyo imayenera kukwera mamita onse aja omwe ife tinatsika tili chikhalire, kenako kugwera mu Limpopo, kukwera Harare, kugwera mu Zambezi, kukweranso Zobue. Dizilo wake amalipira ndi ine ndi inu pogula sopo ku Limbe.

Pali anthu omwe gawo lomaliza la msewuwu amalithamanga ndi miyendo. Mpikisano wa Comrades, womwe unayamba mu 1921, ndi wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, ndipo amasinthasintha, chaka china chokwera, china chotsika. Othamangawo amati chotsika ndi chomwe chimapweteka kwambiri maondo. Ine pobwerera ndinagula tikiti ya basi, jekete n'kuiika pamiyendo.