Mawu othokoza kwa onse amene anatigwira dzanja chichitikire namondwe wa Freddy

Ndikulemba mawu awa m'malo mwa banja lathu lonse, ine, mayi a kunyumba, ana athu ndi apongozi anga aakazi, pofuna kudziwitsa abale, akhristu anzathu ndi onse otifunira zabwino kuti tsopano tatuluka m'chisakasa chimene tinkakhala ndipo talowa m'nyumba ya njerwa zootcha yofolera ndi malata. Ambiri mwa inu munatithandiza mosafuna kuti dzina lanu limveke, choncho sinditchula munthu ndi dzina, koma ndikukhulupirira kuti aliyense adzizindikira yekha akamawerenga. Choyamba tikuyamika Mulungu amene anatisunga ndi moyo, ndipo kenako tikuthokoza inu amene iye anakutumani kwa ife.

Kwa amene sadziwa dera lathu, ife timakhala kum'mawa kwa boma la Mulanje, kwa Mfumu Yaikulu Njema, kufupi ndi malire a Muloza, kumene mitsinje yotsika m'phiri imadutsa pakati pa minda ya tiyi ndi midzi ya anthu. Namondwe wa Freddy atalowa kachiwiri m'dziko la Mozambique pafupi ndi mzinda wa Quelimane pa 11 Malichi 2023, mvula inagwa kuno usana ndi usiku osalekeza, mpaka mbali zina za phiri zinagumuka ndipo madzi anatsika atasenza matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu. Pa 13 Malichi mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma a kummwera agwa m'ngozi, kenako dziko lonse linakhala masiku 14 likulira maliro, ndipo chiwerengero cha omwalira ndi osowa chinaposa 1,000. Pa chiwerengero chimenecho pali mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, amene anapita ndi madzi ndipo thupi lake silinapezeke mpaka lero. Anasiya ana awiri amene tsopano ndi athu. Nyumba yathu inagwa usiku womwewo, ndipo apongozi anathyoka mwendo pothawa.

Tikuthokoza anyamata a m'mudzi amene anawanyamula apongozi pa chitseko chozula, n'kuyenda nawo m'matope ofika m'mawondo, popeza msewu unali utaduka ndipo palibe galimoto imene ikanafika kwathu. Tikuthokozanso asilikali, a Red Cross ndi azaumoyo amene anagwira ntchito m'misasa pa nthawi imene kolera anali atavuta kale m'dziko muno.

Pa za amayi a Mvano a mpingo wathu wa CCAP ndichedwapo pang'ono, chifukwa zimene anachita sizioneka pa chithunzi chilichonse. Tili kumsasa pa sukulu ya pulaimale, amuna tinkagona m'kalasi yathu ndipo amayi ndi ana ankagona m'kalasi ina, kotero kuti ine sindikanatha kuwasamala apongozi usiku ngakhale mwambo ukanandilola. Amayi a Mvano ndiwo ankasinthana kuwatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwachapira, pamene mkazi wanga anali atafooka ndi chisoni moti sankatha ngakhale kumeza phala. Chimene chimandikhudza mtima mpaka pano n'chakuti ambiri mwa amayi amenewa nawonso nyumba zawo zinali zitagwa, ndipo ena anali ndi maliro awo. Sikuti anathandiza chifukwa choti anali ndi zotsala. Mayi wina wachikulire, amene anapulumutsa kathumba kamodzi kokha m'nyumba mwake, anatulutsa bulauzi yoyera ndi duku la Mvano n'kupatsa mkazi wanga kuti akavale pa mwambo wotsanzikana ndi mng'ono wake, iye n'kupita ndi chitenje wamba.

Magalimoto a chithandizo anabwera kwa kanthawi, ndipo tikuyamika ufa, ndowa ndi mabulangete amene tinalandira. Koma msasa utatsekedwa kuti ana abwerere m'makalasi, ndi pamene umphawi weniweni unayamba, chifukwa atolankhani anali atapita, ndipo panali ena amene analemba mayina athu kangapo konse osabwereranso. Pa nthawi imeneyo amayi a Mvano sanasiye kufika pa chisakasa chathu, wina ndi kambale ka nandolo, wina ndi makaka a chinangwa, wina ndi manja okha odzathandiza kutunga madzi. Amayi inu, Mulungu amene amaona zobisika akudalitseni.

Kwa abusa athu ndi akulu a mpingo, tikuthokoza chifukwa cha mmene munayendetsera maliro opanda bokosi. Kwathu kuno munthu amatonthola akaona manda, ndipo banja limene silinaike m'bale wake limakhala ndi mtima wolendewera, osadziwa ngati lilire kapena lidikirebe. Inu simunatifulumizitse. Munadikira mpaka apongozi anena okha kuti tsopano akuvomereza kuti mwana wawo wapita, ndipo pamenepo munasonkhanitsa mpingo, kwaya inayimba monga imayimbira pa maliro a mkhristu aliyense wodya Mgonero, mbiri ya malemu inawerengedwa, ndipo dzina lake linaperekedwa m'manja mwa Ambuye pamaso pa ana ake.

Masiku amenewo kunkamveka mawu ambiri. Achikulire ankati wadutsa ndi Napolo, monga ankaneneranso pa ngozi ya ku Phalombe ya mu Malichi 1991. Odziwa za chilengedwe ankati mvula inachuluka mopitirira muyeso ndipo malo ambiri otsetsereka anatha mitengo, kotero nthaka inalibe choigwira. Zimenezi tinkatha kuzimvetsera popanda kupwetekedwa. Koma panalinso alaliki ena oyendayenda amene ankafika m'misasa n'kumanena kuti madzi anasankha midzi ya anthu ochimwa, ndipo mwana wamkulu wa malemu, amene anali atayamba kale kalasi ya ubatizo, anamva mawu amenewo n'kundifunsa usiku wina ngati mayi ake anali woipa. Ine ndinasowa pogwira. Abusa atamva nkhaniyi, Lamulungu lotsatira anatsegula Luka 13, pamene Ambuye Yesu akunena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anafotokoza momveka bwino kuti Ambuye mwini anakana zoti anthu amenewo anali ochimwa kuposa anzawo amene anatsala. Abusawo sanayerekeze kutiuza chifukwa chimene Mulungu analolera zimenezi, ndipo ine ndinawalemekeza kwambiri pa kudziletsa kumeneko, pakuti mlaliki amene ali ndi yankho la chilichonse amavulaza anthu olira. Mwana uja anapitiriza kalasi yake, ndipo pano anabatizidwa.

Ine ndine mkamwini pamudzi pano, kwathu ndi ku Thyolo. Nyumba itagwa, abale anga anandiuza kuti nditenge banja ndibwerere kwathu, ndipo ananena zimenezi mwachikondi. Koma apongozi sakanatha kuyenda, komanso ana amasiye aja, monga mwa mwambo wathu, ndi a mbumba ya kuchikazi, ndipo kuwachotsa pakati pa abale a mayi awo pa nthawi ngati imeneyo kukanakhala kuwaferetsa kachiwiri. Tikuthokoza ankhoswe a mbali zonse ziwiri amene anakhala pansi n'kukambirana nkhaniyi modekha, osalola kuti isanduke mkangano wa mabanja. Tikuthokoza amalume awo a mayi a kunyumba, eni mbumba, amene anadula gawo la munda wawo wa kumtunda, kutali ndi mtsinje, n'kutipatsa kuti timangepo, ndiponso amfumu amene anachitira umboni malirewo kuti ana asadzavutike m'tsogolo. Achimwene anga a ku Thyolo, mutamva chigamulo chimenechi simunakhumudwe, koma munabwera ndi matabwa a denga. Zikomo kwambiri.

Kwa mayi a kunyumba ndinena mwachidule, chifukwa sakonda kutamandidwa pagulu. Iwo ndi amene anayambitsanso mapemphero a madzulo m'chisakasa muja, Baibulo lathu litapita ndi madzi, pogwiritsa ntchito mavesi amene anali nawo pamtima ndi nyimbo zimene ana anaphunzira ku Sande sukulu. Iwo ndi amenenso anaika lamulo loti m'nyumba mwathu musamveke mawu akuti ana a malemu, chifukwa onse amadya m'mbale imodzi ndipo onse amadzudzulidwa mofanana. Amayi, ndathokoza.

Nyumbayi yatenga nthawi yaitali kuposa mmene tinkaganizira, ndipo ndi bwino kuti amene munaperekapo ndalama mudziwe chifukwa chake. M'chilimwe cha 2023 abambo a mpingo ndi achinyamata anabwera ndi zikombole zawo kudzaumba njerwa, atsikana akutunga madzi, amayi akuphika nsima ya ogwira ntchito. Titafika pa kuotcha uvuni, mkulu wa mpingo wina anakana kuti tigule nkhuni zochokera m'phiri, ponena kuti sitingalire ndi madzi osefukira m'mawa, madzulo n'kukadula mitengo pamalo pomwe madziwo anachokera. M'malo mwake anapereka bulugamu wa m'nkhalango yake yodzala yekha. Titangomaliza maziko, mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa simenti ndi malata unakwera moti ndalama zimene tinasonkhanitsa sizikanakwananso. Chaka cha 2024 kunagwa ng'amba, boma linalengeza za ngozi ya njala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino, ndipo kandalama kalikonse kamene ndinkapeza pa ganyu kankathera pa chimanga. Makoma anaima opanda denga, udzu n'kumera m'zipinda, ndipo ndikudziwa kuti ena podutsa ankaganiza kuti ndalama za mpingo zadyedwa. Atumiki amene ankasunga kaundula wa zopereka anawerenga ndalama zonse pamaso pa mpingo, zolowa ndi zotuluka, ndipo mphekesera zinatha. Kuchita zinthu poyera kotereku ndikuona kuti ndi gawo la chikhristu limene sitilitchula kawirikawiri pa guwa.

Sindingabise kuti amene anamanga nyumbayi si a CCAP okha. Mmisiri wathu ndi wa mpingo wa Seventh Day Adventist, ndipo analandira theka lokha la malipiro amene amalandira kwina. Iye sagwira ntchito Loweruka, ife sitigwira Lamulungu, choncho ntchito inkayenda masiku asanu okha pa sabata, koma palibe tsiku limene tinakanganapo za tsiku loyenera kupembedza. Akatolika a mphakati wa m'mudzi mwathu anatuta mchenga kumtsinje. Bambo wina wachisilamu amene ali ndi golosale ndi zipangizo zomangira pa Limbuli anatikongoza misomali ndi waya, osatipatsa tsiku lobwezera. Amayi a banki m'khonde anamudikira mkazi wanga pamene anachedwa kubweza ngongole, ndipo msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza ndalama zimene zinakwaniritsa malata omaliza. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, koma anthu amenewa ankadziwa bwino lomwe kuti akuika pamalo pamene sadzatolapo kanthu posachedwa, pakuti tinalibe ngakhale nkhuku.

Pali abale ena amene sanathe kutithandiza ndipo amachita manyazi tikakumana panjira. Chonde musatero. Tonse tinadutsa m'zaka zomwezi, ndipo tikudziwa kuti ena mwa inu munkagona ndi njala osauza munthu.

Apongozi tsopano akuyenda ndi ndodo, ndipo amafika kutchalitchi pang'onopang'ono pa Lamulungu la Mgonero. Ana onse ali pa sukulu. Chisoni cha mlamu wanga sichinathe, ndipo mvula ikagunda pa malata usiku ana aang'ono amadzukabe n'kubwera kuchipinda kwathu, koma tsopano tili pamalo okwera ndipo timatha kuwauza zoona kuti madzi safika pano.

M'dera lathu mudakali mabanja amene akukhalabe m'zisakasa za mapepala apulasitiki, ndipo pakati pawo pali mayi wamasiye wa mumpingo mwathu amene akulera zidzukulu yekha. Akulu a mpingo agwirizana kuti mvula ikangotha tiyambe kuumba njerwa za nyumba yake, ndipo banja lathu lapereka njerwa zimene zinatsala pa uvuni wathu, pamodzi ndi manja athu. Choncho tikupempha kuti amene mumaganiza zotibweretsera mphatso yolowera m'nyumba, mukaipereke kwa atumiki a mpingo kuti ipite ku ntchito imeneyo.

Mapemphero othokoza ndi odalitsa nyumba adzachitika kwathu Lamulungu likudzali masana, mapemphero a kutchalitchi akatha. Tasankha Lamulungu m'malo mwa Loweruka kuti mmisiri wathu ndi banja lake adzathe kukhala nafe. Nonse ndinu olandiridwa, a mpingo uliwonse ndi a chipembedzo chilichonse, ndipo amene muli ndi mipando kapena mikeka mudzatithandize kubwera nayo, chifukwa yathu ndi yochepa.

Ndine wanu mwa Ambuye, m'malo mwa banja lonse.